Nyimbo ya ku Lativiya imene inayalitsa masamba mu Kawale

"Ngati walakalaka maliro, kagone wekha m'bokosi, ife tikuimbira! Koma muno ayi!"

Amenewo anali amayi, ndipo chikho chimene anandigenda nacho chinadutsa pa khutu langa ngati ndege ya nkhondo. Ine ndinali ndikusita malaya a kwaya ndi simbi ya makala, pakamwa pali potseka. Sindimaimba n'komwe. Ndimangoimbira m'mphuno, pansipansi, moti ngakhale udzudzu sukanadandaula.

"Masteni, si ya maliro iyi. Ndi ya azungu."

"Azungu safa?"

"Amafa, koma iyiyi ndi ya..."

"Ya chiyani? Tanena, poti ndiwe wophunzira."

Koma ngakhale aphunzitsi athu a kwaya mawu ake sankawadziwa bwino. Kuseri kwa nsalu yotchinga kuchipinda, asisi anayamba kutsokomola, chifuwa chija chimachita kuyambira kuphazi. Tonse awiri tinadikira kuti chithe. Chinatenga nthawi. Pamene chimatha, simbi inali itapsereza kolala.

Ndiyambe bwinobwino, chifukwa anthu amati ine nkhani ndimayambira kumchira, komanso ndimathira mchere wambiri. Mchere ndimathiradi, koma ndiwo zake zimakhala zenizeni.

Sukulu inandisiya ndili Folomu 2. Ena amati ndinalephera mayeso, ine ndimati mayeso ndi amene analephera kundimvetsa. Ndinakhala pakhomo mu Kawale, ntchito yanga kutunga madzi, kuthamangitsa nkhuku za aneba ndi kuyang'ana maminibasi akudutsa. Chimene Mulungu anandipatsa m'malo mwa masamu ndi mawu. Mawu anga atasintha anatsika mpaka kunsi kwa nthaka. Ndikati "odi" pakhomo pa munthu, malata amanjenjemera, agalu amakalowa kunsi kwa bedi. Kwaya ndinalowa chifukwa cha mtsikana wina wa sopulano, ndisaname. Koma iye sanachedwe kusamukira ku Eriya 25, ine n'kutsala ndi bezi.

Aphunzitsi a kwaya anali bambo wa ku Rumphi, mphunzitsi wa pulayimale wopuma ntchito, wamtali ngati mtengo wa magetsi, tayi pakhosi ngakhale mu Okutobala pamene abuluzi omwe amapempha mthunzi. M'thumba ankayenda ndi kachitsulo ka mano awiri kopezera liwu. Akakamenya pa bondo n'kukaika pa khutu, tonse tinkakhala zii ngati akulankhula ndi kumwamba. Akakwiya ankatikalipira m'Chitumbuka, mwaulemu kwambiri, moti unkazindikira uli kunyumba kuti wanyozedwa.

Kale, ife tisanabadwe, mpingo unawatumiza ku Mangalande kukaphunzira zoimbaimba. Kumeneko ankakhala m'nyumba ya nkhalamba ina imene inathawa kwawo ku Lativiya nthawi ya nkhondo. Pobwerera, nkhalambayo inawapatsa mbale ya galamafoni, yakuda, yaikulu ngati lichero, ya nyimbo zimene anapeka mphunzitsi wake. Mbaleyo inagona zaka m'sutikesi, chifukwa pachikuto pake panali zilembo za Chirasha, ndipo nthawi imeneyo zilembo zoterozo zinkatha kumutengera munthu kumalo kosabwerera. Zinthu zitasintha, anthu atayamba kulankhula m'minibasi osayang'ana kumbuyo, aphunzitsi anaitulutsa, kuipukuta ndi mpango, n'kubwera nayo ku pulakatisi ngati mwana wobadwa kumene.

Dzina la wopeka nyimboyo musandifunse. Nditayesa kulitchula lilime linamanga mfundo, ndinakhala ndikumwa phala lokhalokha mpaka linamasuka.

"Anali mphunzitsi ngati ine," anatero aphunzitsi. "Masana kuphunzitsa ana a eni kuwerenga nyimbo, akaweruka kupeka zake. Anaphunzitsa mpaka tsitsi mbuu. Dziko lakelo ndi laling'ono. Maufumu akuluakulu akhala akulipondaponda ngati chiguduli cha pakhomo. Koma anthu ake akati asonkhane kuimba, kwaya imodzi imadzaza bwalo lonse."

"Kuposa ya pa Isitala?" anafunsa mtsikana wina wa alito.

"Kuposa Kawale, Biwi ndi Mchesi kuziphatikiza."

Ine pofalitsa ndinati kuposa Malawi ndi Zambia. Ndinawonjezanso kuti kumeneko kumazizira kwakuti munthu akayetsemula, chimfine chimagwa pansi n'kusweka ngati botolo.

Aphunzitsi anabwereka galamafoni kwa mnzawo wina wa ku Eriya 23, n'kumamvetsera, kubwereza, kumvetsera, kwinaku akulemba do-re-mi. Kenako anatilembera pa bolodi ndi choko. Mawu a chilankhulo cha kumeneko anawasiya. Anati tiziimba "uu" ndi "aa" mpaka atapeza mawu oyenera.

Nyimbo zathu mumazidziwa: phazi kumanja, phazi kumanzere, m'manja, a alito akugwedeza mapewa, wa ng'oma thukuta kamukamu. Iyi ayi. Umaima njo ngati msilikali. Timayamba ndife a bezi, pansi penipeni, liwu limodzi lalitali ngati msewu wa ku Mchinji, mpweya kutha, maso kutuzuka. Kenako a tena amalowa mwakachetechete ngati munthu wolowa m'nyumba ya odwala. Kenako alito. Sopulano ikamafika pamwamba, thupi lonse limachita tsemwe, ndipo umamva ngati wina waima kumbuyo kwako. Tsiku loyamba titaimaliza palibe anaseka. Ngakhale ine.

Loweruka lina masana, mu holo ya tchalitchi munali msonkhano wa amayi, ndiye aphunzitsi anati pulakatisi ikachitikire kunyumba kwawo, kumunsi kwa msika. Tinadzazana pa balaza. Anatseka makatani chifukwa dzuwa linkawomba pa bolodi. Nsapato tinavula n'kuzisiya mulu pakhomo, poopa kudetsa simenti ya akazi awo imene inkawala polishi yofiira moti unkatha kupesera tsitsi. Ndiye taganizani inuyo ndinu aneba. Nyumba makatani otseka masanasana. Nsapato mulu pakhomo. M'kati anthu akubuula pang'onopang'ono, opanda ng'oma, opanda kuwomba m'manja.

Amene anayamba kulira ndi mayi wina wogulitsa mandasi kutsidya kwa msewu. Sanafunse. Zaka zimenezi munthu sufunsa, umangodziwa. Ku Mchesi akalipentala anasiya kalekale mipando ndi makabati, m'mbali mwa msewu ndi mabokosi okhaokha, aakulu ndi ang'onoang'ono, akuwala vanishi padzuwa. Bambo wokhoma zidebe wa pafupi pomwepo atamva kulirako anatenga chikwanje, kusadza nthambi za kesha, n'kuziyala pamsewu, kumtunda ndi kumunsi, monga timachitira kuti odutsa adziwe kuti pano pagwa zovuta. A njinga anayamba kutsika n'kumakankha. Abambo zipewa m'manja. Wailesi ya pa shabini inazimitsidwa, chinthu chimene ngakhale apolisi analephera kuchita. Amayi anayamba kufika ndi nkhuni pamutu, ena ndi ufa m'mbale zokulunga m'nsalu, n'kukakhala pansi kuseri kwa nyumba, kudikira kuti auzidwe.

Ife m'katimo tikungoti "uuu", aphunzitsi akuti, "Bezi, pansi! Ndati pansi! Mukuopa chiyani pansipo?"

Akazi awo anali atapita ku msika wa ku Tauni. Potsika minibasi anaona masamba. Anayenda pang'ono akudzifunsa kuti lero ndi kwa yani. Atakhota, anaona kuti anthu akhala pa nyumba yawo. Kabichi imene ananyamula inagubuduka mpaka ku Biwi. Kukuwa kumene anakuwa, ndikukhulupirira ku Lativiya komweko anamva. Tinatuluka tonse mothamanga, aphunzitsi patsogolo, choko m'manja, tayi pakhosi, amoyo ndithu. Amayi ena anathawa n'kusiya ufa.

Tinaseka, ndisakubisireni. Ine ndinagubuduka pa kapinga mpaka nthiti kuwawa. Wokhoma zidebe uja anaseka mpaka misozi, akukokera nthambi zake m'ngalande. Amene sanaseke ndi mayi wa mandasi. Anamanga chitenje chake bwinobwino, n'kuyang'ana aphunzitsi kuyambira kuphazi mpaka kumutu.

"Masamba ayalidwa, abambo," anatero. "Msewu waona. Mukuganiza kuti zithera pomwepa?"

Sipanapite nthawi, wokhoma zidebe uja anagona osadzukanso. Anali akudwala kale, aliyense ankaona mmene thalauza linkamukhuthukira, koma zimenezo anthu anaiwala msanga. Nthambi zatsopano zinayalidwa pamalo omwe aja, zodulidwa mu mtengo womwe uja. Ife tinapitiriza pulakatisi ku holo. Mwana wa alonda a pa tchalitchi anatsatira. Kenako mlamu wake wa mtsikana wa alito uja. Maliro mu Kawale anali kale ngati maminibasi, ina ikamachoka ina yafika, koma tsopano anapeza mwini wake. Anthu ankangoti "ija ya uuu", ndipo ankanena motsitsa mawu.

Ndikamadutsa pa msika, amayi ankakokera ana kumbuyo kwawo. Kondakitala wina anandiuza kuti, "Kwera mfana, koma pakamwapo utseke, galimotoyi mabuleki ndi ofooka kale." Akulu a mpingo anawaitana aphunzitsi n'kuwauza kuti nyimboyo ayiike kaye pambali mpaka mitima ikhale pansi. Makolo anayamba kuchotsa ana awo m'kwaya mmodzimmodzi. Lamlungu tinkaimirira kutsogolo ngati mano a nkhalamba, apa munthu, apa mpata.

Ndiye kwathu kunali asisi.

Asisi ndi amene anandilera, madala atatisiya, amayi akamakhala ku msika ndi tomato wawo. Ndi amene anandiphunzitsa kumanga zingwe za nsapato ndi kunama mosaphethira. Anapita ku Blantyre kukagwira ntchito m'sitolo ya nsalu ali ndi masaya ngati mabanzi. Anabwerera ndi sutikesi yolemera kuposa iwo. Dzina la matendawo palibe ankalitchula. Amayi ankati chifuwa. Aneba ankati "komwe kaja". Asisi ankagona kuseri kwa nsalu yotchinga ija, ndipo nyumba yonse inkayenda motsatira mpweya wawo.

Amalume, mchimwene wawo wa amayi, anali atayamba kubwera Lamlungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi. Ankakhala pa mpando wabwino uja, chipewa pa bondo, n'kumalankhula akuyang'ana pansi.

"Mlongo, mwanayu apite kumudzi. Akapume mpweya wabwino."

Aliyense m'tauni muno amadziwa tanthauzo la mpweya wabwinowo. Munthu amamutenga akadali wotha kukhala tsonga, chifukwa wa m'bokosi ulendo wake ndi wovuta. Onse amene anapita kukapuma mpweya wabwino, sindinaonepo ndi mmodzi yemwe akubwerera ndi masaya.

"Akhala konkuno, achimwene," amayi ankatero. "Chipatala chili pafupi."

Amalume ankavala chipewa n'kumapita, osatsutsa, ngati munthu wodziwa kuti mango akapsa amagwa okha. Lamlungu lililonse limene amayi anakana, ine ndinkapuma. N'chifukwa chake chikho chija chinauluka. Amayi ankalimbana ndi amalume kutsogolo, sankafuna kuti nyimbo ilowere kumbuyo.

Tsiku lomwelo la chikho, amayi atanyamula dengu kupita ku msika, asisi anandiitana.

"Iwe chimutu, tabwera."

Ndinakweza nsalu ija. M'chipindamo munkanunkha mankhwala ndi mafuta odzola. Anali atatsamira khoma, duku kumutu, maso aakulu ngati a kadzidzi.

"Tandiimbire."

"Asisi, mukufuna ndiphedwe?"

"Akuphe ndani? Masteni afika kale pa msika. Imba, ndimve chimene chikumaliza anthu a eni."

Ndinaimba, pansipansi. Anamvetsera akuyang'ana kudenga, pamene pali kabowo kolowetsa dzuwa.

"Basi? Imeneyi ndiye yaimitsa Kawale? Ikumveka ngati chigayo chikutha dizilo."

"Imeneyo ndi bezi yokha, asisi. Pamwamba pamabwera ena. A tena amalowa apa, kenako alito, kenako sopulano imapita uko, kudutsa malata."

"Nanga mzunguyo anali ndani?"

Ndinawauza. Ndinati anaphunzitsa dziko lonse, moti ng'ombe za kumeneko zimalira mu do-re-mi. Ndinati asilikali atabwera ndi mfuti ku sukulu yake, anawaimika pa mzere, n'kuwauza kuti akuguba fulati, mosemphana ndi nyimbo, abwererenso akayambe. Ndinati ankapeka nyimbo ali m'bulangete, cholembera atachigwira ndi mano chifukwa zala zinali zitauma ndi chisanu. Asisi anaseka. Kusekako kunasanduka chifuwa, chifuwacho chinawapinda pakati. Atachotsa kansalu pakamwa, anakapinda msanga n'kukabisa kunsi kwa pilo, koma ndinali nditaona mtundu wake.

"Ndikufuna ndiimve yonse," anatero mpweya utabwerera. "Ndi a pamwambawo. Ndikadali ndi makutu, osati mudzandiimbire ndili chagada ngati thabwa."

"Asisi, musamatero."

"Ndatero. Pita."

Ndinawapeza aphunzitsi kuseri kwa nyumba akuthirira mpiru. Analibe tayi. Aka kanali koyamba kuwaona choncho, ndipo khosi lawo linali lowonda ngati la nkhuku yososoledwa. Ndinawafotokozera. Anaika ndowa pansi.

"Mwana wanga, nyumba ija ndi ya amayi ako. Akavomera, tibwera, ngakhale titatsala oti n'kukwana pa njinga imodzi."

"Aphunzitsi, ndifunse. Zoona siipha?"

Anakhala pa chidebe chovundikira, n'kundiuza kuti ndikhale pa njerwa.

"Amene anandipatsa mbale ija anandiuza kuti aphunzitsi awowo anataya ophunzira ambiri. Ena nkhondo. Ena ankangotengedwa, kukwezedwa sitima, osamvekanso. M'mawa mwake mphunzitsi ankalowa m'kalasi, kuyang'ana mipando yopanda anthu, n'kuuza otsalawo kuti tsegulani pakamwa. Kodi ndi nyimbo inkawatenga?"

"Ayi."

"Nanga ukundifunsiranji?"

Koma atatero anayang'ana kumsewu, pa mtengo wa kesha uja umene tsopano unali wosadzuka mbali imodzi, ndipo anayang'ana nthawi yaitali kuposa mmene munthu wotsimikiza amayang'anira.

Amayi ndinawapempha akusankha tomato wophwanyika. Ndinagwada ndithu, chinthu chimene mawondo anga sanazolowere. Ndinkayembekeza chikho china. Sanandigende. Anangosiya tomato, n'kupukuta manja pa chitenje.

"Kwaya pakhomo pa munthu imabwera tsiku limodzi lokha," anatero. "Tsikulo ukulidziwa. Usandifulumizitse."

Ndinadzuka osayankha. Ine amene ndimayankha ngakhale wailesi.

Koma makoma a mu Kawale ali ndi makutu kuposa a bulu. Aneba a kuseri kwa khoma anali atamva chigayo chija tsiku limene ndinaimbira asisi. Nkhani inayenda pa mpopi, inafika pa msika, inakwera minibasi. Pofika kwa alandilodi, inali yakuti kwaya yonse imabwera kwathu mobisa, aphunzitsi akumenya kachitsulo kawo pa bedi la wodwala. Alandilodi anabwera Lamlungu, nthawi imodzi ndi amalume, ngati anachita kupangana. Sanalowe. Anaima pakhomo manja kumbuyo.

"Amayi, ine ndilibe nanu chifukwa. Koma pa mpanda pano pali mabanja ena, pali ana. Masamba pa geti panga sindikuwafuna."

Amalume anangotembenuza chipewa pa bondo. Ndinadikira kuti amayi anene za chipatala chili pafupi. Anayang'ana nsalu yotchinga ija, anayang'ana ine, n'kufunsa amalume kuti galimoto ingapezeke liti.

Inabwera m'mawa, pikapu ya mnzawo wa amalume, imene kale inali yoyera. Tinayala matilesi kumbuyo. Asisi anakana kunyamulidwa. Anavala diresi lawo la ku Blantyre, lamba ataboola bowo latsopano ndi msomali, n'kuyenda okha kuchoka pakhomo mpaka pa galimoto, atagwira phewa langa. Sindinamve kulemera kulikonse. Aneba anaima m'makomo mwawo, manja pachifuwa. Palibe ananena mokweza kuti muyende bwino. Amayi anakwera n'kukhala pambali pawo, atagwira ambulera.

"Chimutu," asisi anatero injini italira, "uzisesa m'nyumbamo. Ndipo a pamwamba aja ndikuwadikirabe."

Ndinatsala ndekha kulondera nyumba. Nsalu yotchinga ija sindinaichotse. Nthawi zina mphepo inkaigwedeza ndipo ndinkapezeka ndasiya kutafuna, kudikira chifuwa.

Nzeru ya kaseti inachokera kwa aphunzitsi. Anati akulu a mpingo analetsa kuimba mu holo, amayi analetsa kuimba pakhomo, koma palibe analetsa positi. Anayenda okha nyumba ndi nyumba, tayi pakhosi, kupempha otsala. Amene anabwera anali oti n'kukwana pa benchi imodzi, ena atanamiza makolo kuti akupita kukatola nkhuni. Wailesi ya kaseti ndinabwereka kwa ometa tsitsi. Tepi inali yanga ya kwasakwasa, yokondedwa, ndinamata timabowo take ndi selotepi kuti ijambulikenso. Mtima unawawa, koma ndinamata.

Mu Kawale sitikanayerekeza. Tinayenda kudutsa Biwi mpaka kudambo, kumene kuli nyumba ina yosamaliza, yopanda denga, udzu utamera pa balaza. Mwini wake akuti anadwala atafika pa mawindo. Dzuwa linali pamutu. Tinaika wailesi pa njerwa, aphunzitsi anamenya kachitsulo pa bondo, ine ndinatsegula pakamwa, njerwa zinanjenjemera.

Zinkayenda bwino kuposa masiku onse. A tena analowa ngati amphaka. Alito bwinobwino. Ndiye pamene sopulano inkakwera, pamsewu wa kumtunda panatulukira lole yopita kumanda, amayi atadzaza kumbuyo, akuimba nyimbo ya maliro yeniyeni, ija tonse timaidziwa kuyambira tili kumbuyo kwa amayi athu. Inkayenda pang'onopang'ono. Mawu awo anatsetsereka kudambo, kulowa pa mawindo opanda magalasi, n'kusakanikirana ndi athu. Mtsikana wina wa sopulano anatseka maso, misozi ikutsika, koma sanasiye. Aphunzitsi dzanja lili m'mwamba, sanalitsitse mpaka tinamaliza.

Titabweza tepi kuti timve, lole ija inalimo. Inkamveka patali, ngati ili kunsi kwa nyimbo.

"Tijambulenso, aphunzitsi," ndinatero. "Iyi siingapite."

Anamvetsera mpaka kumapeto, mutu uli pansi. Kenako anatsokomola, kutembenukira kukhoma.

"Ipite," anatero. "Kuno imamveka choncho. Ndipo kachiwiri sindingathe."

Kumudzi kwathu ku Dowa kuli mnzanga amene tinakulira limodzi mu Kawale. Bambo ake atapuma ntchito anabwerera nawo kumudzi, ndipo nyumba yawo ndi yoyang'anana ndi imene asisi anafikira. Ali ndi wailesi imene amaisamala kuposa mano ake. Kaseti ndinaikulunga m'pepala la thumba la simenti, kumanga ndi ulusi ngati chithumwa, n'kulemba keyala ya sukulu ya pulayimale ya kumeneko. M'katimo ndinaikamo kapepala kakuti akawayatsire asisi masana, masteni akapita kudimba, motsitsa. Ndinayenda wapansi mpaka ku positi ya ku Tauni. Phukusi litagwera m'kati ndinamva ngati ndaponya mwala m'chitsime chopanda madzi.

Kudikira kwake ndiye musanene. Makalata athu amafikira ku tchalitchi, ndiye alonda anatopa nane mpaka anayamba kubisala m'chimbudzi akandiona. Mitambo inkasonkhana masana alionse, yakuda bii kumbali ya ku Dedza, mvula osagwa. Pamsewu wathu nthambi zinkauma zisanachotsedwe, zina n'kuyalidwa pamwamba pake. Aphunzitsi anasiya kubwera ku tchalitchi. Akazi awo ankati ndi chifuwa chabe, cha fumbi la choko.

Yankho linabwera pa pepala long'ambidwa m'kope, lolembedwa ndi pensulo. Ndinaliwerenga nditaima pa geti la tchalitchi.

"Aise, kaseti yafika. Wailesi yanga inaidya koyamba koma ndinaibweza ndi bolopeni, ili bho. Zakudimba iwala, masteni ako sachoka pambali pawo, ndiye ndinangoyatsa ali pomwepo. Ananyamuka kuti azimitse, asisi ako anawagwira chitenje. Anakhalanso pansi. Itatha asisi ako anati ndibwereze, ndipo ndakhala ndikubwereza mpaka wailesi ikulankhula ngati woledzera. Akuti a pamwambawo ndi abwino kwambiri, koma iweyo ukumveka mopitirira, uzichepetsako. Phala sakumwa. Akuti ubweretse mabatire. Masteni ako anandiitanira kuseri kwa nkhokwe, akuti ubweretse nsalu yawo yakuda ili pansi m'sutikesi. Ine ndangolemba zimene andiuza. Usayankhe kalatayi, ingokwera basi."